Mtsempha wa chidendene ukakana kupola: mmene mungachitire mafizo kudzera pa foni

Ululu umenewu umadziwika m'mawa. Mukatsika pabedi, kuseri kwa chidendene kumakhala kouma gwa, mumatsimphina popita kubafa, koma madzi a tiyi asanawire phazi limakhala lamasuka, inu n'kumati zatha. Kenako mukwere minibasi kuchoka ku Area 25 mpaka m'tauni, potsika pa depoti ululu uja uli pomwepo. Ngati zakhala chonchi kwa miyezi yoposa itatu, kuthowa mwathowa, zopaka mwapaka, brufen mwamwa, mwina vuto lanu ndi lomwe ndinali nalo ine: mtsempha waukulu umene umalumikiza katumba ndi fupa la chidendene, uja achipatala amautcha Achilles.

Ine si wachipatala. Ndimaphunzitsa ku pulayimale, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe, ndipo Loweruka ndimasewera ntchemberembaye ndi amayi anzanga a m'dera. Dokotala wa mafizo amene anandiona koyamba anasamukira ku Mzuzu titangoyamba kumene, ndiye chithandizo chonse chotsala tinachitira pa WhatsApp. Anthu akamva zimenezi amaseka, amati munthu angakuchize bwanji osakugwira. Pa matenda ena akunena zoona. Koma pa mtsempha uwu manja a dokotala ali ndi ntchito yochepa. Chimene chimachiza ndi katundu amene inu eni mukuusenzetsa mtsemphawo sabata ndi sabata, ndipo gawo la dokotala n'kuona mmene mukuchitira n'kukuuzani kuti onjezerani kapena chepetsani. Zimenezo foni imakwanitsa, bola mudziwe kumuonetsa zimene akufunika kuona.

Koyamba kokha, pitani akakugwireni

Musayambire pa foni. Ulendo woyamba pafunika munthu woti afinye, atsine ndi kuyendetsa phazilo ndi manja ake, chifukwa si ululu uliwonse wa pachidendene umene uli wa mtsempha umenewu. Ku Kamuzu Central kuli dipatimenti ya mafizo, ndipo zipatala zina zolipira mumzinda muno zilinso ndi anthu a ntchitoyi. Masiku ano amaphunzitsidwa m'dziko momwe muno, ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, ngakhale akadali ochepa. Amene mugwirizane naye, kaya ali konkuno kaya kutali, akhale wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Funsani, si mwano. Pa Facebook padzaza ovala makhoti oyera ogulitsa mafuta otikitira ndi tiyi woti amatsuka mafupa, nambala yolandirira ndalama ili pamwamba penipeni.

Musanapite, dzifufuzeni kuti mukathe kuloza malo enieni. Khalani pansi, tsinani mtsemphawo pang'onopang'ono kuyambira pa fupa la chidendene kukwera m'mwamba. Ambiri amapeza popweteka pa masentimita 2 mpaka 6 pamwamba pa fupa, nthawi zina pokhuthala kuposa pa mwendo winawo. Ena ululu wawo uli pafupa penipeni, pomwe mtsempha wagwirira, pamene nsapato imakhuza. Gulu lachiwirili lili ndi malamulo ake, muwapeza m'munsimu. Ululu wa pansi pa chidendene, poponderapo, ndi matenda ena ndipo mafizo ake ndi ena.

Pali zina zimene si za foni ngakhale pang'ono. Mtsempha umenewu umatha kuduka. Amene zinawachitikira amati anamva kuphulika, anatembenuka kuti aone amene wawamenya theche, kumbuyo kulibe munthu, ndipo kuyambira pamenepo sakanathanso kuima ndi zala. Dokotala amakugonekani chafufumimba n'kufinya katumba. Phazi likapanda kugwedezeka, ndiye kuti waduka. Zikatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Pa Central pomwepo pali chipatala cha mafupa cha LION. Chimodzimodzi katumba akatupa, kutentha ndi kupweteka, makamaka mutatsika basi ya ku Johannesburg, mutangobereka kumene kapena mutachitidwa opaleshoni: akhoza kukhala magazi oundana, ndipo amenewo satikitidwa.

Dokotala muuzeninso mankhwala onse amene mwamwa miyezi yapitayi. Ciprofloxacin, uja timangoti cipro, amene amaperekedwa pa matenda a m'mimba ndi a chikhodzodzo, amadziwika kuti amafooketsa mitsempha, makamaka umenewu. Mu 2008 bungwe loona za mankhwala ku America linalamula kuti pa mankhwala a gulu limeneli pazilembedwa chenjezo lalikulu la kuduka kwa mtsempha, ndipo chiopsezo chimakula kwa anthu opitirira zaka 60 ndi amene akumwa prednisolone. Shuga, mafuta ochuluka m'magazi ndi nyamakazi nazonso zimakhudza mtsempha, ndiye musabise. Wina akakuuzani kuti akubayani jakisoni wa steroid pamtsempha penipeni kuti ululu uthe msanga, kafunseni kaye kwina. Ululu umatha ndithu kwa kanthawi, koma mtsempha umafooka.

Chifukwa chake kupumula sikuchiza

Achibale adzati pumulani. Ena adzati mukateme mphini, ena kuti mwaponda mankhwala panjira, ena kuti ndi ukalamba basi. Mwa zonsezi, kupumula n'kumene kumanamiza kwambiri chifukwa kumaoneka ngati kukugwira ntchito. Mukhale mwezi osathamanga, ululu utsika. Mubwerere pabwalo, ululu ubwera woposa kale, pakuti mwezi wonse uja katumba ndi mtsempha zimangofooka.

Mtsempha ndi ulusi wambirimbiri wolukana ngati chingwe cha pachitsime. Ukasenza katundu woposa amene unazolowera, mobwerezabwereza popanda mpata wopuma, ulusi uja umasokonekera ndipo malowo amakhuthala. Kwa ine zinayamba titasamukira pa bwalo la simenti n'kuonjezera masiku osewera. Kwa ena ndi kuyamba kuthamanga m'mawa pofuna kuchepetsa thupi, kwa ena ndi ntchito yatsopano yoima tsiku lonse. Ulusiwo umatha kudzilukanso, koma pokhapokha ukamakokedwa ndi mphamvu yoyenera. Pothamanga mtsempha umenewu umanyamula mphamvu yoposa kulemera kwa thupi lanu ka 6, ndiye simungaukonzekeretse ntchito yotereyi pogwedeza phazi muli pa sofa.

Ikafika miyezi, vutoli silikhalanso la kutupa kwenikweni. N'chifukwa chake brufen ndi diclofenac amangoziziritsa ululu osasintha mtsemphawo, ndipo kuwamwa miyezi kumavulaza m'mimba ndi impso. Kuthowa ndi kutikita katumba sikolakwa, kumatonthoza, koma si chithandizo. Dziwiranitu kuti mtsempha umasintha mochedwa. Masabata 12 ndiye poyambira, ndipo ambiri amatenga miyezi 6 mpaka chaka kuti abwerere mwakale.

Pangano

Nkhani ya ndalama ikambeni tsiku loyamba, osachita manyazi. Mukulipira pa kuimbirana kulikonse kapena pa mwezi? Kuona mavidiyo kuli momwemo? Mukalemba, yankho lizibwera liti? Ife tinagwirizana kuti ndizilipira pa mwezi pa Mpamba, Lamulungu madzulo ndizitumiza mavidiyo ndi chithunzi cha tsamba la m'kabuku kolembamo ululu wa m'mawa, iwo aziyankha Lolemba ndi uthenga wa mawu, ndipo tiziimbirana pa vidiyo mwa apo ndi apo pakakhala chatsopano choti andionetse. Nenaninso momveka kuti mavidiyo anu asaikidwe pa status kapena pa Facebook popanda chilolezo chanu. Ndi miyendo yanu.

Kuimbirana pa vidiyo kumadya bandulo, kumadukaduka netiweki ikavuta, ndipo magetsi akazima madzulo dokotala amangoona mdima. Vidiyo yojambuliratu ndiyo yabwino. Mumajambula masana, mumatumiza netiweki ikakhazikika, iye amaibwereza mmene angafunire n'kuimitsa pomwe akukayika.

Kujambula kwake

Apa ndiye pagona nkhani, pakuti dokotala ali kutali sadziwa china choposa chimene mwamuonetsa.

Foni ikhale pansi, osati m'manja mwa mwana. Mwana amajambula ali chiimire, kamera itayang'ana pansi, ndipo amatsata nkhope yanu, pomwe dokotala alibe nayo ntchito nkhope. Itsamiritseni ku njerwa, ngati mamita awiri kuchokera pomwe mwaima, kuti ione kuyambira m'chiuno mpaka pansi. Vulani nsapato ndi masokosi. Chitenje kapena thalauza pindani mpaka pamwamba pa bondo, chifukwa bondo ndi limene limaba: mwendo ukatopa limapindika pang'ono n'kukukankhani m'mwamba, inu n'kumati katumba wagwira ntchito. Kuwala kuchokere kumbuyo kwa foni. Mukaima pakhomo dzuwa lili kumbuyo kwanu, miyendo imangooneka chithunzithunzi chakuda.

Pa fizo iliyonse jambulani kawiri, chammbali ndi chakumbuyo. Chammbali chimaonetsa kutalika kumene chidendene chikufika ndiponso ngati bondo lawongoka. Chakumbuyo chimaonetsa ngati kakolo akupendekera kunja, thupi n'kumatsamira pa kachala kakang'ono m'malo mwa chala chachikulu ndi chachiwiri. Mwendo wabwinowo ujambuleninso, pakuti ndiwo muyeso wanu.

Ndipo musadule vidiyo mukayamba kutopa. Tonsefe timafuna kutumiza zokongola. Dokotala wanga ankachita kunena kuti, "Aphunzitsi, zoyambazo ndi zabwino, koma ine ndikufuna zakumapeto, pamene mwendo wayamba kunjenjemera." M'menemo ndi mmene amaonera ngati katundu wachepa, wakwana kapena wachuluka. Mukamajambula werengani mokweza, ndipo pomaliza tchulani nambala ya ululu (ndiifotokoza m'munsimu) foni isanazime, kuti zonse zikhale pamodzi.

Kamodzi pa mwezi chitani mayeso. Imani ndi mwendo umodzi, nsonga za zala za m'manja zitangokhudza khoma, kwezani chidendene mpaka pamapeto, wina alembe ndi choko pakhoma pomwe mutu wafika. Kenako kwezani ndi kutsitsa, kamodzi pa masekondi awiri, mpaka pamene mutu walephera kufika pa choko paja. Lembani nambala. Chitaninso ndi mwendo winawo. Kusiyana kwa manambala awiriwa n'kumene mukulimbana nako, ndipo kumakuuzani zoona ngakhale sabata imene mtima wagwa.

Kabuku ka m'mawa

Ife tikafunsidwa mmene tikumvera timati "zikusinthako" kapena "pang'onopang'ono", ngakhale usiku sitinagone. Ndi ulemu wathu, koma dokotala ali ku Mzuzu sangachite nawo kanthu. Pamafunika manambala. Gulani kope laling'ono, liikeni pafupi ndi bedi. Ululu muziupatsa malikisi kuyambira 0, kutanthauza kuti palibe, mpaka 10, ululu woposa wonse umene mungauganizire. M'mawa uliwonse lembani zinthu zitatu: nambala ya ululu poponda koyamba, mphindi zimene kuuma kwatenga kuti kumasuke, ndi zimene munachita dzulo lake, kuphatikizapo zimene si mafizo, monga kuyenda wapansi kuchoka ku Nsungwi, kuchapa muli chiimire kapena kuvina kukwaya.

Chifukwa chake n'chakuti mtsempha suyankha nthawi yomweyo. Ukatenthedwa umalola zambiri, n'kudzadandaula mawa. Choncho woweruza wa mafizo a lero ndi phazi loyamba la mawa m'mawa.

Lamulo limene madokotala a mafizo ambiri amatsata linachokera ku Sweden, kwa Karin Silbernagel ndi anzake. Pa kafukufuku wawo wa mu 2007, odwala amene anapitiriza kuthamanga ndi kudumpha akuyang'anira ululu wawo anachira mofanana ndi amene anasiya masewera kwa masabata 6. Lamulolo lili motere: ululu pochita mafizo ukhoza kufika pa 5, koma pofika m'mawa ukhale utabwerera pomwe umakhala nthawi zonse, ndipo usamakwere sabata ndi sabata. Dokotala wanu akhoza kukuikirani malire otsikirapo. Wanga anaika 4. Mfundo yaikulu n'njakuti ululu wapakati si chizindikiro choti mukuwononga. Ambiri amasiya mafizo akangomva kuwawa, ndipo amenewo ndi amene amatha chaka akutsimphina.

Pali fomu ina yotchedwa VISA-A, yoyezera ululu ndi mmene mtsemphawu ukugwirira ntchito, ya mafunso 8, malikisi ake onse 100. Ili m'Chingerezi, ndiye ngati ikuvuta muziyankha muli pa foni ndi dokotala. Kamodzi pa mwezi n'kokwanira.

Mafizo eni ake

Ndondomeko yanu alembe ndi dokotala wanu. Pano ndingokuonetsani mmene ulendo umayendera kuti musadabwe.

Poyamba, ululu ukadali waukali, mumachitira pansi pafulati. Imani ndi miyendo yonse iwiri, kwezani zidendene pang'onopang'ono, tsitsani pang'onopang'ono. Zimenezinso zikamawawa kwambiri, kwezani n'kungoima m'mwambamo masekondi 30 mpaka 45, pumani, bwerezani kasanu. Onjezerani ya pampando: khalani, bondo litapindika, ikani chigubu cha madzi pabondo, kwezani chidendene. Ya pampandoyi anthu amainyoza chifukwa imaoneka ya ulesi, koma katumba ali ndi minofu iwiri, wapamwamba umene umagwira kwambiri bondo likawongoka ndi wamkati umene umasenza ntchito bondo likapindika. Wamkatiwo ndiwo umatiyendetsa tsiku lonse. Ndondomeko imene ilibe ya bondo lopindika njopereweza.

Kenako mumakwera ndi miyendo iwiri n'kutsika ndi wodwala wokha. Kenako mwendo umodzi kukwera ndi kutsika. Kenako pa sitepe ya pakhonde, theka la phazi lili pasitepe, chidendene chikutsika kupitirira m'mphepete. Kenako katundu.

Njira zodziwika zilipo ziwiri. Mu 1998 Håkan Alfredson wa ku Umeå ku Sweden anafalitsa njira yotsika pang'onopang'ono ndi mwendo wodwala pasitepe: ka 15 maulendo atatu bondo lowongoka, ka 15 maulendo atatu bondo lopindika, kawiri pa tsiku, tsiku lililonse kwa masabata 12. Mukawerengetsa ndi ka 180 pa tsiku. Imagwira ntchito, koma kwa munthu amene ali ndi makope a ana oti achonge ndi nsima yoti aphike, njovuta kuisunga. Mu 2015 ofufuza a ku Denmark anaiyerekeza ndi njira ina ya katundu wolemera, wonyamulidwa mochedwa, masiku atatu okha pa sabata. Zotsatira zinafanana, ndipo odwala anaitsata mokhulupirika kuposa yoyamba ija. Ine ndinatenga yachiwiriyi, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndisanasambe madzulo.

Pa njira imeneyi mumakwera masekondi 3 n'kutsika masekondi 3. Werengani mokweza, chifukwa mumtima masekondi amathamanga. Mumayamba ndi katundu amene mungamunyamule ka 15, ndipo masabata akamapita mumaonjezera kulemera n'kumachepetsa kubwereza: 12, kenako 10, kenako 8, mpaka 6 cha kumapeto. Maulendo atatu kapena anayi pa fizo iliyonse, n'kumapuma mphindi ziwiri kapena zitatu pakati.

Zitsulo za ku jimu si zofunika poyamba. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 5 ndi makilogalamu 5, cha malita 20 ndi 20. Za choimirira, ikani zigubu zing'onozing'ono kapena mabuku m'chikwama cha kumsana, mangani malamba kuti chisamagwedezeke, manja atsale ogwira khoma. Za pampando, chigubu chachikulu pabondo, mutayala chitenje chopindapinda kuti chisakudinde. Madzi akachepa, mchenga umalemera kuposa madzi: thirani m'timatumba, kayezetseni pa sikelo ya ogulitsa chimanga, lembani kulemera kwake pathumba lililonse. Mukatero mudzatha kuuza dokotala kuti "makilogalamu 12" m'malo mwa "chikwama chodzaza".

Mmene ndaonera kwa anzanga amene ndinawalozera njira imeneyi, chimene chimaimitsa mafizo a pa foni si ulesi. Munthu amachita mokhulupirika, koma ndi katundu yemwe uja wa sabata yoyamba. Ku chipatala dokotala akanangomuikira chitsulo china; kunyumba palibe womuikira, ndipo mantha amamuuza kuti asaonjezere. Mukamatha ka 20 mukucheza ndi mwana, katunduyo wachepa. Zomalizira ziwiri zizikhala zoti mukulimbana nazo ndithu. Dokotala akakhala chete za kulemera kwa milungu ingapo, mufunseni nokha kuti, "Adokotala, sindikuyenera kuonjezera?" Zigubu zikafika poti sizikukwanira, makamaka pa ya pampando imene imafuna katundu wambiri, pamenepo ndiye jimu ili ndi phindu.

Tsopano inu a ululu wa pafupa penipeni. Chidendene chanu chisamatsike kupitirira fulati, ndiye za pasitepe zisiyeni mpaka dokotala atakulolani. Phazi likapindikira m'mwamba, mtsempha umapanikizika ku fupa pamalo pomwe pali vutopo. Pa chifukwa chomwecho musamakoke katumba potsamira khoma, ngakhale mavidiyo ambiri a pa YouTube amalimbikitsa zimenezo, ndipo kunjuta nthawi yaitali, monga potsuka mbale kapena pokoleza mbaula, kuchepetseni pogwiritsa ntchito kampando. Anthu a gulu limeneli amachira mochedwerapo.

Tsiku lonse

Mafizo amatenga mphindi zosakwana 40. Maola enawo nawonso mtsempha umawawerenga. Patapata ndi nsapato zafulati zopyapyala zimaukoka kwambiri. Nsapato yokwera pang'ono kumbuyo imaupumitsa. Kachidutswa ka rabala kokhuthala ngati sentimita imodzi, koikidwa mkati pansi pa chidendene, kamathandiza ambiri, koma kaikeni m'nsapato zonse ziwiri kuti musapendeke. Ine anandidulira wosoka nsapato wa pamsika. Pa kaunjika sankhani za kumbuyo kofewa, zosakhuza. M'kalasi ndinayamba kusinthasintha, kuima pabolodi kwa kanthawi kenako kukhala, m'malo moima kuyambira m'mawa mpaka kuweruka.

Kuyenda sikoletsedwa. Njinga njabwino kwambiri posunga mphamvu, bola mupondere pakati pa phazi osati ndi zala. Zimene zimaputa ululu ndi zitunda, kuthamanga mwaliwiro ndi kudumpha.

Tsiku lina ululu udzakwera basi. Kudzakhala ukwati, perekaniperekani adzatalika, mudzavina pa nsapato zazitali, Lolemba m'mawa nambala ili pa 7. Musataye mtima ndipo musasiye zonse. Lembani m'kabuku chimene chachitika, tumizani uthenga kwa dokotala, bwererani pa katundu wopepuka kapena pa kuima m'mwamba kuja kwa masiku angapo, nambala ikatsika mupitirize pomwe munalekezera. Nenani zoona za ukwatiwo. Dokotala akapanda kudziwa, adzaganiza kuti ndondomeko yake ndiyo yalakwa n'kukuchotserani katundu amene anali woyenera. M'miyezi yozizira ya June ndi July ine kuuma kwa m'mawa kunkatalika ngakhale zonse zikuyenda bwino, ndiye pamenepo ndinkadalira kwambiri mayeso a choko aja.

Kubwerera pabwalo

Ululu umatha mphamvu isanabwerere, ndipo apa mpamene ambiri amagwa kachiwiri. Musanathamange, mayeso a choko asonyeze kuti mwendo wodwala wayandikira mnzake, ndipo muzitha kuyenda mwachangu theka la ola m'mawa mwake osasintha. Kenako phunzitsani mtsempha kudumpha: timadumpho ting'onoting'ono ndi miyendo iwiri, kenako ndi umodzi, kenako kutsogolo ndi m'mbali. Izinso zijambuleni, ndipo musazimitse phokoso, chifukwa phazi lofooka limagwa pansi kuti phi pomwe lamphamvu limatera mwakachetechete. Ine gawo limeneli ndinkachitira pa phada ndi ana a kusukulu nthawi ya buleki, iwo akufa ndi phwete.

Inu othamanga m'mawa cha ku Bingu Stadium kapena m'mbali mwa msewu wa ku Kanengo, yambani ndi mphindi imodzi kuthamanga, ziwiri kuyenda, pamalo afulati. Pakati pa masiku othamanga kapena odumpha siyani masiku awiri kapena atatu. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, kutalika kapena liwiro, osati zonse sabata imodzi. A ntchemberembaye ndi a mpira wa miyendo, yambani ndi kuponyerana ndi kupatsirana, kenako gawo limodzi la masewero, ngakhale timu ikuchonderera kuti mutsirize chifukwa wosintha palibe. Mafizo a katundu musawasiye mukabwerera. Kawiri pa sabata n'kokwanira kusunga zimene mwapeza.

Ngati mwachita mokhulupirika miyezi itatu, katundu akuonjezeka, koma manambala a m'kabuku sakusuntha, kapena ululu wayamba kukudzutsani usiku, phazi likuchita dzanzi, zidendene zonse ziwiri zikuwawa pamodzi ndi msana wouma m'mawa, foni yafika polekezera. Pitaninso akakugwireni. Mwina adzaunika mtsemphawo ndi makina a sikani omwe aja amaunikira amayi oyembekezera. Musaope akakuuzani kuti ndi wokhuthala, chifukwa umatha kuoneka choncho ngakhale mwa munthu amene anachira kale. Za opaleshoni madokotala amaziganizira pokhapokha mafizo ochitidwa bwino atalephera kwa miyezi yosachepera 6. Popita valani zoti bondo lioneke, nyamulani nsapato zimene mumavala tsiku ndi tsiku ndi zimene mumasewerera, kabuku, ndi mayina a mankhwala onse amene mukumwa, ndipo pemphani dokotala wanu wa pa foni akulembereni mwachidule zimene mwachita kale kuti amene akakuoneniyo asakakuyambitseninso pa sabata yoyamba.